Selo limene limasiya anzake: Elizabeth Hay ndi mbiri ya kufalikira kwa khansa

Mayi achotsedwa bere chifukwa cha khansa, bala lipola, ayambanso kupita kumunda. Patapita zaka ziwiri kapena zitatu ayamba kubanika, ndipo X-ray iwonetsa zotupa m'mapapo. Achibale amafunsa namwino ngati awa ndi matenda atsopano, kapena ngati madokotala adasiya china chake pa opaleshoni ija. Koma kachidutswa ka chotupa cha m'mapapocho kakapimidwa ku labotale, mumapezeka maselo a bere. Ndi khansa yomwe ija, yangosamuka. Kusamuka kumeneku, kumene madokotala amakutcha metastasis, ndiko kumapha anthu ambiri odwala khansa.

Chovuta kumvetsa ndi chakuti selo la bere silidapangidwe kuti liziyenda. Pa khansa 10 zilizonse, 8 kapena 9 zimayambira m'maselo amene amakuta thupi kunja ndi m'kati: khungu, khomo la chiberekero, kummero, matumbo, timachubu ta mkaka m'bere. Maselo amenewa, otchedwa epithelium, amakhala mothithikana ngati njere za chimanga pachitsononkho. Lililonse ndi lomatidwa kwa linzake ndi puloteni yotchedwa E-cadherin, ndipo onse amakhala pa kachikopa kopyapyala kamene kamawalekanitsa ndi mnofu wa pansi, momwe muli mitsempha ya magazi. Njere sichoka pachitsononkho payokha. Nanga selo lotere limafika bwanji m'mapapo? Limodzi mwa mayankho amene akugwiritsidwa ntchito lero lidachokera kwa munthu amene sankafufuza za khansa.

Elizabeth Hay adabadwa mu 1927 ku Florida, m'dziko la America, ndipo adamaliza maphunziro a udokotala ku Johns Hopkins mu 1952. M'malo mwa ntchito ya m'mawodi, adasankha kafukufuku wa mmene thupi limapangikira. Poyamba ankafufuza kanyama ka m'madzi kofanana ndi buluzi, kotchedwa salamander, kamene mwendo wake ukaduka umameranso. Pogwiritsa ntchito maikulosikopu yamphamvu ya electron, imene pa nthawiyo inali chida chatsopano, adaona kuti maselo a pamalo oduka amavula maonekedwe awo akale, n'kukhala ngati maselo aang'ono amene sadasankhe ntchito, kenako n'kumanga mwendo wina. Mu 1960 adasamukira ku Harvard Medical School, komwe mu 1975 adakhala mkulu wa dipatimenti ya anatomy.

Ku Harvard adatembenukira ku dzira la nkhuku. Tsiku loyamba thadzi likayamba kufungatira, mluza umakhala ngati kansalu kafulati ka maselo omatana. Pakati pake pamabwera kamzere. Mu 1968 Hay adafotokoza zimene zimachitika pakamzerepo: maselo amamasuka kwa anzawo, amatalika ndi kuonda, amalowa pansi, n'kuyamba kukwawa. Maselo okwawawa, otchedwa mesenchyme, ndiwo amadzapanga minofu, mafupa, magazi ndi mtima. Kwa munthu zimenezi zimachitika m'sabata yachitatu mayi atatenga pathupi, nthawi imene ambiri amakhala asadadziwe n'komwe kuti ndi oyembekezera.

Wina akadatha kunena kuti izi ndi za mluza wokha, pamene maselo adakali anthete. Yankho lidabwera mu 1982. Hay ndi wophunzira wake Gary Greenburg adatenga epithelium ya kagalasi ka m'diso, ina ya mluza ndi ina ya nyama yokhwima, n'kuimiza m'kati mwa collagen, ulusi umene umalimbitsa mnofu, wokonzedwa ngati phala lolimba. Maselowo adasiya mzere wawo, adatalika, n'kuyamba kukwawa m'kati mwa collagen, lililonse palokha. Sadawathire mankhwala. Chimene chidasintha ndi malo okha amene adawaikapo. Selo lokhwima lidaonetsa kuti silidaiwale njira ya ulendo imene lidali nayo mu mluza. Amene amatsuka mabala tsiku ndi tsiku amaona mbali ina ya zomwezi: maselo a khungu a m'mphepete mwa bala amamasukako pang'ono, n'kukwawa kukatseka pamene pali poyera.

Hay adatcha zimenezi epithelial-mesenchymal transformation, mwachidule EMT. Pambuyo pake ofufuza adasintha liwu lomalizalo kukhala transition, poona kuti selo likhoza kubwereranso mwakale.

Padatenga zaka zoposa 20 kuti nkhaniyi ilowe mwamphamvu mu kafukufuku wa khansa. Mu 2004 Jing Yang, akugwira ntchito mu labotale ya Robert Weinberg ku Whitehead Institute, adayerekeza mitundu inayi ya maselo ochokera m'chotupa chimodzi cha bere la mbewa. Yonse inkamera chotupa, koma umodzi wokha ndiwo unkamera zotupa zooneka m'mapapo. M'maselo amene ankatha kuchoka pachotupa adapeza kuti jini yotchedwa Twist, kachigawo ka malangizo a chibadwa kamene kadadziwika koyamba m'miluza ya ntchentche za zipatso, idali yodzuka. Twist imazimitsa E-cadherin. Atatseka jiniyi, chotupa cha m'bere chidakula monga kale, koma zotupa za m'mapapo zidachepa kwambiri. Zidaoneka kuti khansa siipanga njira yatsopano yoyendera, imangodzutsa ija ya mluza.

Madokotala opima zotupa pa maikulosikopu sadakhutire, ndipo adali ndi mfundo. Mu 2005 David Tarin adalemba mosabisa mawu kuti m'zotupa za anthu iye saona umboni wa EMT. Chotupa cha m'mapapo cha mayi uja chimaoneka ngati bere, maselo ake ndi omatana, osati oonda okwawa. Ngati adasintha, bwanji akuoneka ngati akwawo? Mu 2012 gulu la Yang lidayankha ndi khansa ya pakhungu ya mbewa. Twist ikadzuka, maselo ankachoka pachotupa n'kulowa m'magazi, koma kuti amere chotupa kumene afikako, jiniyo imayenera kuzimanso. Selo limavala maonekedwe a ulendo, likafika limawavula. N'chifukwa chake wopima amene amaona mathero okha sapeza chizindikiro.

Mkanganowo sudathere pamenepo. Mu 2015 magazini ya Nature idasindikiza kafukufuku wa magulu awiri. Gulu la Vivek Mittal, pa khansa ya bere ya mbewa, lidapeza kuti zotupa zambiri za m'mapapo zidachokera m'maselo amene sadaonetse chizindikiro cha EMT chimene ankatsata. Gulu la Raghu Kalluri lidachotsa Twist kapena jini inzake yotchedwa Snail m'khansa ya kapamba, koma khansayo idafalikirabe. Magulu onsewa adapezanso chinthu china chimene mwina n'chofunika kuposa funso loyambalo: maselo amene adutsa mu EMT amapirira chemotherapy kuposa anzawo, motero ndi amene amatsala mankhwala akapha enawo. Ofufuza ena adatsutsa kuti zizindikiro zimene zidatsatidwa zidali zochepa, chifukwa selo lili ndi majini angapo amene angagwire ntchito imodzimodziyo.

Zimene zatsala zitapetedwa n'zocheperapo kuyerekeza ndi chiyembekezo cha 2004, koma n'zodalirika. Maselo ambiri a khansa sasintha kotheratu. Amaima pakati, omasukako koma osalekanitsidwa, ndipo ena amayenda m'magazi ali timagulu. Mu 2020 akatswiri a nkhaniyi adagwirizana kuti dzina loyenera ndi plasticity, kutanthauza kutha kuumbika ndi kuumbikanso ngati dothi losaotcha, ndipo mu 2022 Douglas Hanahan adaika khalidweli pa mndandanda wake wodziwika wa zizindikiro za khansa. Kuchipatala phindu lake likadali lochepa. Vuto lina lili m'zotsatira za 2012 zija: mankhwala obwezeretsa maselo oyenda kukhala omatana angathandize amene adafika kale m'mapapo kuti amere. Hay adamwalira mu 2007, ali ndi zaka 80, mkanganowu uli pakati.

M'Malawi muno, limodzi mwa maiko amene khansa ya khomo la chiberekero ndi yochuluka kwambiri padziko lonse, nkhaniyi ikukhudza kachikopa kopyapyala kaja. Malo amene amayera akapakidwa viniga poyeza ndi VIA akhoza kukhala maselo amene kachilombo ka HPV kawasokoneza koma akadali pamwamba pa kachikopako, sadafike pa mitsempha. Ali pomwepo, kuwaotcha ndi thermal ablation kapena kuwaumitsa ndi cryotherapy kumatenga mphindi zochepa. Malinga ndi bungwe la WHO, pamatenga zaka 15 mpaka 20 kuti maselo oterewa asanduke khansa, ndipo kwa mayi amene chitetezo cha thupi lake chatsika, monga amene ali ndi HIV koma sakumwa ma ARV, zaka 5 mpaka 10 zokha.