Kapepala ka pagalasi la Canter

Mwini Canter aliyense amene amaimika galimoto ku Kamwala kapena pafupi ndi msika wa Soweto kudikira makasitomala ali ndi kapepala ka inshuwalansi pagalasi. Apolisi ndi a RTSA amakafuna, ndiye amakagula. Koma kapepalako nthawi zambiri sikateteza firiji imene akuthamangira nayo ku Kabulonga, kapena matumba a simenti opita ku Chelstone. Kuti munthu wa galimoto imodzi atsale yekha ndi chiopsezo chotere, nkhani yake inayamba kalekale, dziko litangolandira ufulu.

Ian Smith atalengeza kuti Rhodesia yadziimira payokha mu November 1965, njira yathu ya kum'mwera inayamba kuvuta. Mafuta ndi mkuwa zinayamba kuyenda pa Great North Road pakati pa Zambia ndi Dar es Salaam, msewu umene unatchuka ndi dzina loti Hell Run chifukwa cha matope ndi ngozi. Ntchito yaikulu chonchi munthu wamba sakanaitha. Boma linalowamo ndi makampani ngati Zambia-Tanzania Road Services ndi Contract Haulage. Mu 1968, chaka chimene a Kaunda analengeza ku Mulungushi kuti boma litenga gawo lalikulu m'chuma, kunabadwa Zambia State Insurance Corporation, ndipo patangopita zaka zochepa ZSIC inapatsidwa msika wonse wa inshuwalansi. Lole ya boma, katundu wa kampani ya boma, inshuwalansi ya boma. Lole ikagubuduka cha ku Mpika, dziko lonse linkagawana kutayikako, ngakhale anthu sankadziwa. Sindikunena kuti inali nthawi yokoma: khomo likakhala limodzi, wogula sangatsutse mtengo.

Zinthu zinatembenuka boma la a Chiluba litalowa mu 1991. Mu 1992 msika unatsegulidwa, ndipo makampani ngati Madison ndi Professional Insurance anayamba ntchito. M'zaka zomwezo makampani ambiri a boma anagulitsidwa kapena kutsekedwa, ndipo ena mwa ochotsedwa ntchito anaika ndalama zawo zopumira pa ma Canter ogwirapo kale ntchito ku Japan. Ndi mmene kunyamula katundu wachangu mu Lusaka kunagwera m'manja mwa anthu a galimoto imodzi kapena ziwiri. Malamulo anabwera pambuyo: la inshuwalansi la 1997, bungwe la Pensions and Insurance Authority loyang'anira makampaniwo, ndi lamulo la pamsewu la 2002 limene linakhazikitsa RTSA.

Apa ndi pamene pali msampha. Lamulo limakakamiza third party yokha, ndipo iyo ndi ya munthu wina amene mwamugunda, osati inu. Mukafuna kuti galimoto yanu idzakonzedwe, mugule comprehensive, imene mtengo wake umatengera mtengo wa galimotoyo ndi ntchito imene imagwira. Galimoto yamalonda salipiritsa ngati yapanyumba. Katundu wa kasitomala ali ndi inshuwalansi yakeyake, goods in transit, ndipo imeneyi imayang'ana mtundu wa katundu ndi ndalama zimene mwanyamula paulendo umodzi. Ngakhale mutakhala nazo zonse, tsiku la ngozi pali gawo limene mumalipira nokha kampani isanatulutse yake. Pamwamba pa izi boma limaikapo msonkho, umene unakwera kuchoka pa 3 kufika pa 5 peresenti mu 2022. Mwezi umene dizilo yakwera ndipo mwalipira kangapo pa tollgate ya Shimabala kapena Katuba, n'zosadabwitsa kuti munthu amagula yotchipa ija n'kumapemphera.

Wodutsa malire ali ndi Yellow Card, imene inayamba mu 1987 ndipo lero ili pansi pa COMESA, bungwe limene likulu lake lili pa Ben Bella Road momwemuno. Imagwira ntchito ku Malawi, Zimbabwe, Tanzania ndi DRC, koma nayonso kwenikweni ndi third party.

Makampani aakulu akamapereka ntchito yonyamula katundu kawirikawiri amafuna kuona kaye pepala la goods in transit. Amene alibe amatsala ndi ntchito yosamutsa mabanja kuchoka ku Kabwata kupita ku Woodlands, kumene sofa ikang'ambika mlandu amakambirana pageti, ndalama n'kuchoka m'thumba la mwini galimoto.