Fizi ya mwana wa ku Lundazi: amishoni, asilikali ndi boma

M'nyumba mwa agogo anga aamuna, kumudzi kwathu chakumpoto kwa boma la Lundazi, munali thilanki lachitsulo lakuda limene ana sitinkaloledwa kukhalira. Anabwera nalo pochokera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, nambala yawo ya usilikali italembedwa pachivindikiro ndi penti yoyera. Thilanki lomwelo ndi limene amalume ananyamula popita ku sekondale yogonera komweko, ndipo patapita zaka linakwera basi ya ku Lusaka ndi msuweni wanga. Ulendo uliwonse munkalowa zofanana: bulangete, mbale, nshawa zokazinga ndi kandalama komanga pansalu. Koma kandalamako sikanalipire maphunziro a anthu atatuwa. Analipira ndi ena, ndipo wolipira aliyense anali ndi chimene ankayembekezera pobweza.

Oyamba anali amishoni. Atumbuka, Achewa ndi Angoni a kuno ali ndi abale tsidya lina la malire, choncho pa nkhani ya sukulu maso athu anayamba kuyang'ana kum'mawa, ku Nyasaland, tisanadziwe njira ya ku Lusaka. Mu 1894 Robert Laws anatsegula sukulu yaikulu ya Livingstonia ku Khondowe, imene inadzatchedwa Overtoun Institution, kumene ankaphunzitsa uphunzitsi, ukalaliki, ukalipentala, kusindikiza mabuku ndi ntchito zachipatala. Mishoni yomweyo inakhazika siteshoni ku Chasefu mu 1922, ndipo Akatolika nawo anadzamanga ku Lumezi. Mnyamata woonetsa nzeru pa sukulu ya m'mudzi ankatengedwa ndi mishoni. Fizi inalipo ndithu, koma gawo lina ankalipira ndi thukuta, kugwira ntchito za pamishoni akaweruka m'kalasi. Akamaliza, mishoni inkamutuma kumene yafuna. David Kaunda, bambo wa Kenneth Kaunda, anaphunzira ku Livingstonia, natumizidwa ku Chinsali pakati pa Ababemba, ndipo anakhazikika komweko mpaka imfa yake.

Wolipira wachiwiri anabwera atavala khaki. Gulu la asilikali la Northern Rhodesia Regiment linakhazikitsidwa mu 1933, ndipo nkhondo itabuka mu 1939 boma la atsamunda linayamba kulemba anyamata m'midzi kudzera mwa mafumu. Kumene nkhondoyo inatengera asilikali a ku Africa kunalembedwa pa zipata za makampu athu mpaka lero. Aliyense wodutsa ku Chipata amadziwa Gondar Barracks, koma si onse adziwa kuti Gondar ndi mzinda wa ku Ethiopia kumene asilikali a Italy anagonja mu Novembala 1941. Tug Argan ya ku Ndola ndi dzina la ku Somaliland, Arakan ya ku Lusaka ndi Chindwin ya ku Kabwe ndi mayina a ku Burma. Kwa mnyamata amene sanakhalepo pa benchi ya mishoni, usilikali ndiwo unali koleji. Ena anaphunzira kulemba ndi kuwerenga, ena kuyendetsa ndi kukonza malole, ena kumanga mabala. Agogo anga anabwerako akudziwa kulemba kalata ndi kuwerenga sikelo, ndipo wogula nshawa aliyense wa m'dera lathu ankadziwa kuti nkhalamba imeneyo siibereka pa kilo.

Malipiro ake anali moyo wa munthu, ndipo ambiri sanabwere. Obwerawo analandira kandalama kotsanzikira, mendulo, basi bwererani kumunda. Pa nthawi yomweyo dziko la America linakhazikitsa lamulo la G.I. Bill mu 1944, limene linalipirira koleji asilikali ake obwera ku nkhondo. Msilikali wa ku Lundazi, amene analumidwa ndi udzudzu wa ku Burma pa nkhondo imodzimodziyo, sanapatsidwe mwayi wotere.

Sekondale yoyamba ya boma ya ana achikuda, Munali, inayamba mu 1939 ku Lusaka, ndipo wofuna digiri ankayenera kutuluka m'dziko, kupita ku Fort Hare, ku Makerere kapena ku Salisbury. N'chifukwa chake pa 24 Okutobala 1964 Zambia inalandira ufulu ili ndi anthu pafupifupi 100 okha okhala ndi madigiri. Manyazi amenewa ndiwo anabala yunivesite ya UNZA, imene inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzira 312. Anthu wamba anasonkha nawo pomanga, wina ndalama, wina nkhuku, wina mbuzi. Zaka zimenezo mkuwa unkagulidwa bwino ndipo boma linasenza zonse: fizi, malo ogona, chakudya, mabuku. Mu 1973 panakhazikitsidwa Bursaries Committee yoyendetsa basale, ndipo kuchokera pa dzina limenelo ophunzira anayamba kutcha ndalama ya m'thumba kuti BC, dzina limene lapirira kuposa komiti yeniyeniyo. Mwana wa mlimi wa kwa Mwase kapena kwa Magodi, akangokhoza bwino Fomu 5, ankafika ku yunivesite bambo ake osagulitsa ng'ombe. Ku usilikali nako zitseko zinatseguka: anyamata oyamba anatumizidwa ku Sandhurst ku Britain, ndipo mmodzi wa iwo, Kingsley Chinkuli, anakhala Mzambia woyamba kutsogolera Zambia Army mu 1970.

Komatu walira mvula walira matope. Boma limene linakuphunzitsa ulere linafunanso kuti ulitumikire, ndipo kuyambira mu 1975 aliyense womaliza Fomu 5 ankayenera kulowa Zambia National Service (ZNS), utumiki wa miyezi 20. Apa ndi pamene usilikali ndi maphunziro apamwamba zinamangidwa mtolo umodzi kuposa nthawi ina iliyonse m'mbiri yathu. Anyamata ndi atsikana omwe, ankavala yunifolomu, kudzuka mbandakucha kuthamanga, kuphunzira kugwira mfuti, kenaka kupatsidwa khasu kukalima minda ya boma. Zifukwa zinalipo. Dziko linazunguliridwa ndi nkhondo za ufulu ku Rhodesia, Mozambique ndi Angola, ndipo ndege za boma la Ian Smith la ku Rhodesia zinafika pophulitsa mabomba m'kati mwa Zambia mu 1978. Pulezidenti Kenneth Kaunda ankafunanso kuti ophunzira asanyansidwe ndi dothi, komanso kuti Mlozi, Mtonga ndi Mtumbuka adyere mbale imodzi.

Amene anadutsamo amakamba mosiyana. Amalume ankaseka akamasimba za ana a m'tauni amene manja anatupa matuza sabata yoyamba, pamene iwo, ozolowera kupalira nshawa kuyambira ali aang'ono, ankamaliza ndime yawo n'kukhala pamthunzi. Koma akafika pa nkhani ya chakudya ndi madzi a m'kampu, kuseka kunkatha. Chuma chinali chitayamba kale kugwa, makampu anadzaza mopitirira, ndipo matenda a taifodi atabuka n'kupha achinyamata, utumiki wokakamizawo unaimitsidwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Ine ndimaona kuti ganizo linali ndi nzeru zake, koma boma linasonkhanitsa ana a eni ochuluka kuposa amene likanatha kuwadyetsa ndi kuwasamala. Kampu ya Chiwoko ku Katete ilipobe, ndipo masiku ano imaphunzitsa achinyamata ntchito zamanja, olowamo akulowa mwa kufuna kwawo.

Mtengo wa mkuwa utagwa chapakati pa zaka za m'ma 1970, ulere unayamba kutha pang'onopang'ono ngati mchere m'chitini. Yunivesite yachiwiri, Copperbelt University, inatsegulidwa ku Kitwe mu 1987, ophunzira anachuluka, thumba la boma linachepa. Kampani ya migodi ya ZCCM inkalipirira ena, koma nayonso inkawamanga kuti akamaliza akaigwirire ntchito. Kenaka kunabwera mfundo yoti makolo ndi boma azigawana mtolo wa fizi, imene inalembedwa momveka m'chikalata cha maphunziro cha 1996. Kwa wa pa Copperbelt wolandira malipiro mwezi ndi mwezi, kugawanako kunali kowawa koma kotheka. Kwa mlimi wa ku Lundazi zinakumana ndi tsoka lina: NAMBOARD, imene inkagula mbewu, inathetsedwa mu 1989, ndipo m'kupita kwa nthawi msika unatsala m'manja mwa makampani a thonje ndi mavenda. Ndalama ya mlimi imabwera kamodzi pachaka, pambuyo pokolola. Kalata ya ku koleji sidikira kuti thonje ligulidwe. M'zaka zimenezo ng'ombe zambiri zokoka ngolo zinapita kwa ogula nyama, ndipo atsikana ambiri anzeru anauzidwa kuti ayambe adikira, apite kaye achimwene awo.

Kuyambira mu 2004 thandizo la boma kwa ophunzira a pa yunivesite linasanduka ngongole, ngakhale kuti ambiri ankaliyesabe basale poti panalibe wowalondola. Zinasintha mu 2016, pamene lamulo latsopano linakhazikitsa bungwe la Higher Education Loans and Scholarships Board, HELSB, m'malo mwa komiti yakale ija. Mu 2018 bungweli linayamba kudula ndalama pa malipiro a anthu amene anathandizidwa kuyambira 2004, ndipo aphunzitsi ndi madokotala ena anadzidzimuka poona malipiro a mwezi atachepa. Mu 2019 boma linachotsa ndalama ya chakudya, ndipo amene anamva kuwawa kwambiri anali ochokera kutali, opanda azakhali ku Kalingalinga kapena ku Mtendere mu Lusaka okawapatsa nsima. Ndalamayo inabwezeretsedwa mu 2023, ndipo chiwongoladzanja cha ngongole chinatsitsidwa kuchoka pa 15 kufika pa 10 peresenti. Ngongoleyi ndi ya mayunivesite a boma. Wosankha yunivesite yomwe si ya boma, aone yekha.

Nanga njira ya agogo ija, ilipobe? Achinyamata amawerenga pa intaneti za ROTC ya ku America, imene inayamba mu 1916, kumene asilikali amalipirira munthu yunivesite yodula iye n'kudzatumikira zaka zingapo akamaliza. Kuno kwathu zimayenda mobwerera. Umayamba walembedwa usilikali, mu Zambia Army, Zambia Air Force kapena ZNS, ndipo sukulu imabwera pambuyo ukakhala kale m'yunifolomu: maphunziro a maofesala ku Kabwe, a ndege ku Livingstone, a zaumoyo ku Defence School of Health Sciences ku Lusaka, ndipo kwa okwera pa maudindo, Defence Services Command and Staff College. Pofuna kulowa pamafunika chitupa cha NRC chobiriwira, satifiketi yabwino ya Giredi 12, ndi thupi lopirira kuthamanga ndi kupimidwa ndi dokotala. Ofuna amakhala chinamtindi, malo ochepa. Apa mpamene akamberembere amadyera: amaimba foni kwa makolo kuti tumizani ndalama pa foni, dzina la mwana lilowa pa mndandanda. Akuluakulu a asilikali amalengeza mobwerezabwereza kuti kulembedwa usilikali n'kwaulere.

Kulinso basale za kunja, za ku Russia, China, India ndi maiko ena, zimene zimadzera ku HELSB komweko. Nazonso zili ndi mbali yake yamdima. Mu 2022 dziko lonse linamva za mnyamata wa ku Zambia amene anapita ku Moscow pa basale ya boma, anamangidwa kumeneko, natengedwa m'ndende ndi gulu la asilikali aganyu la Wagner, n'kukafera ku nkhondo ya ku Ukraine ali ndi zaka 23.

Chatsopano chimene chafika pafupi ndi mudzi ndi CDF, thumba la chitukuko cha dera la phungu. Mu 2022, chaka chimene boma linachotsa fizi mpaka Giredi 12, thumba la dera lililonse la phungu linakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni, ndipo gawo lina ndi la basale za sekondale zogonera komweko ndi za sukulu za ntchito zamanja. Mafomu amadzera ku komiti ya chitukuko ya m'wadi, kwa anthu odziwa khomo la mwanayo. Lundazi, Lumezi ndi Chasefu, amene anakhala maboma osiyana mu 2018, aliyense ali ndi thumba lake. Koma basale imeneyi siifika ku digiri ya yunivesite.

Ndipo pa olipira onsewa, kuyambira amishoni mpaka HELSB, ndalama yoyamba yeniyeni imachokerabe pansalu paja. Kuchoka pa Lundazi kufika ku Lusaka ndi mtunda wa makilomita oposa 700, kudzera ku Chipata, ndipo mwana amayenera kukwera basi, kudya m'njira ndi kupeza pogona ngongole isanalowe. Aphungu ndi makhansala athu, pokhala pansi kugawa CDF ya chaka chamawa, ayambe awerenga ana a m'mawadi awo amene ali ndi kalata ya yunivesite m'manja koma alibe ya basi.