Bwalo la Abasutu pa Phiri la Thaba Bosiu

M'caka ca 1824, nkhondo zomwe zija zimene zinacotsa Angoni a Zwangendaba kwao zinakankhiranso Moshoeshoe ndi anthu ace pa phiri la Thaba Bosiu. Phirilo n'losalala pamwamba, njira zokwerera n'zowerengeka, ndipo adani analephera kulilanda. Koma matanthwe okha sakadasunga mtundu. Othawira kumeneko anali a mafuko osiyana-siyana, ndipo munthu wosakondwa ndi mfumu anali kungosamuka ndi ng'ombe zace.

Cifukwa cace pakagwa nkhani yaikuru, ya nkhondo kapena ya malire, mfumu inali kuitana amuna onse ku bwalo lochedwa pitso. Pamenepo ngakhale mmphawi anali kuimirira nadzudzula mfumu pamaso pace, osalipitsidwa. Mfumu inali kulankhula potsiriza, itamva kumene mitima ya anthu yapendekera. Wina angayese kuti kumeneku kunali kufooka, koma ife tiona kuti inali nzeru.

Moshoeshoe anamwalira mu 1870, ndipo mu 1871 dzikolo linaikidwa m'manja mwa Boma la Cape. Pa pitso ya 1879, nduna yaikuru ya Bomalo, Gordon Sprigg, anauza Abasutu kuti apereke mfuti zao. Sanadzere kufunsa ai, anadzera kulamula. Nkhondo ya Mfuti inabuka mu 1880. A Cape analephera kulanda mfutizo, ndipo mu 1884 anabwezera dzikolo m'manja mwa Britain. Mu 1903 kunakhazikitsidwa Bungwe la mtundu wonse, koma ambiri okhalamo anali osankhidwa ndi mfumu yaikuru.