Pothole: Liwu Lomwe Linachoka Mumtsinje N'kudzakhala Mumsewu

Madalaivala a minibasi za ku Namitete, anyamata a kabaza a ku Nsaru ngakhalenso aphungu a Nyumba ya Malamulo, onse akamadandaula za misewu yokumbikakumbika amatchula "mapothole". Liwuli ndi lachingerezi, koma tinalipatsa kale "ma" wathu kutsogolo kwake. Mbiri yake ndi yakale kuposa galimoto, ndipo ili ndi phunziro kwa ife.

Masiku ano liwuli limalembedwa pamodzi, pothole, koma m'mabuku akale munkapezeka kamzere pakati: pot-hole. Ndi mawu awiri olumikizana. Hole ndi dzenje. Ambiri amaganiza kuti pot ndi mphika, ndipo pali nthano yoti oumba mbiya ankakumba dothi m'misewu ya Aroma n'kusiya maenje. Nthanoyi ilibe umboni. M'Chingerezi cha m'zaka za m'ma 1300, pot linkatanthauzanso dzenje lakuya. Mpaka lero mapanga ena a ku Yorkshire, kumpoto kwa England, ali ndi mayina monga Alum Pot ndi Hull Pot.

Cha m'ma 1826 liwuli linayamba kuoneka m'mabuku a akatswiri a miyala. Iwo ankanena za maenje ozungulira a pathanthwe, omwe madzi amaboola pozunguza timiyala pamalo amodzi kwa zaka zambirimbiri. Za misewu zinabwera pambuyo. Mu 1902 Edgar Hooley analembetsa njira yake yosakaniza phula ndi miyala, mu 1908 kampani ya Ford inatulutsa galimoto ya Model T, ndipo pofika 1909 anthu anali atayamba kutchula maenje a mumsewu kuti pothole. Dzina linasamuka chifukwa ntchito yake ndi imodzi: madzi ndi kupera.

Kumadzulo kwa Lilongwe kuno, makolo ankayenda m'njira zopondedwa ndi mapazi, ndipo katundu ankasenza pamutu. Zinthu zinasintha m'zaka za m'ma 1920, pamene A. F. Barron anakhazikitsa esiteti ya Mbabzi n'kufalitsa ulimi wa fodya pakati pa alimi a m'midzi. Fodya anabweretsa malole, ndipo kenako ngolo za ng'ombe zinachuluka. Magudumu ankasiya mizere yakuya m'dothi lofiira la katondo, mvula n'kuisandutsa zigwembe. Kuyambira mu 1968, Lilongwe Land Development Programme, mothandizidwa ndi World Bank, inalambula misewu yambiri yafumbi yolumikiza midzi ndi misika. Likulu la dziko litasamukira ku Lilongwe mu 1975, magalimoto anawonjezeka, ndipo msewu wa M12 wodutsa ku Mpingu ndi Namitete kupita ku Mchinji unakhala khomo lalikulu la katundu wa pakati pa Malawi ndi Zambia.

Phula litafika, dzenje lenileni la pothole linafikanso. Ku Ulaya madzi amalowa m'ming'alu n'kuundana ndi chisanu, phula n'kuphulika. Kwathu mdani ndi mvula ya pakati pa Novembala ndi Epulo. Madzi akalowa pamng'alu amafewetsa nthaka yapansi. Lole yolemedwa ndi chimanga kapena feteleza ikaponda, phula limatitimira n'kusweka, ndipo tayala lililonse lodutsa limachotsapo timiyala. Kamng'alu ka mu Disembala kamakhala dzenje lothyola masipuling'i pofika Malichi.

Malamulo a mu 2006 anakhazikitsa Roads Authority ndi Roads Fund Administration, ndipo zina mwa ndalama zokonzera misewu zimachokera pa msonkho wa mafuta a galimoto. Choncho aliyense wokwera minibasi amasonkhako. Koma amene amalipira mtengo weniweni ndi mayi wapakati yemwe akuthamangira naye kuchipatala cha St Gabriel's ku Namitete, komanso mlimi wa ku Kabudula kapena Nambuma amene amagulitsa mtedza motchipa chifukwa ogula akuopa kuwononga galimoto zawo.

Mbiri ya liwuli ikutiuza poyambira: madzi. Anyamata okwirira maenje ndi dothi amathandiza tsiku limodzi, mvula ikagwa dothilo limakokoloka. Chofunika ndi kutseka ming'alu mvula isanayambe, kugwira malole olemera mopyola muyezo, ndi kufukula ngalande ndi makalavati. Mafumu, makhansala ndi ife eni midzi tisalole kulima mpaka m'mphepete mwa msewu kapena kutaya zinyalala m'ngalande, pakuti msewu umene madzi apatsidwa njira yawoyawo ndiwo umakhalitsa.