Mapoloti Akugona Pakati pa Tawuni, Anthu Akukwera Phiri

Sabata ino tiyeni ku Blantyre.

Mukadzakwera minibasi ku Limbe kulowera m'tawuni, musadzasinze. Dzayang'aneni pazenera. Mudzaona mipanda ya malata ochita dzimbiri, kuseri kwake kuli thengo, pena chimanga cha mlonda, pena maziko amene anathiridwa simenti kalekale n'kusiyidwa. Kenako dzakwezeni maso ku phiri la Soche ndi la Ndirande: nyumba zakwera mpaka kumene kale kunali mitengo yokhayokha. Malo abwino akugona, anthu akukwera phiri. Zinayamba bwanji zimenezi?

Mu 1876 amishoni a Church of Scotland anamanga pa dziko la mfumu Kapeni, pamalo amene Henry Henderson anasankha akuyenda ndi Tom Bokwito. Mu 1878 kunabwera kampani ya African Lakes ya pachibale awiri, John ndi Frederick Moir, ndipo nyumba yawo ya Mandala, ya mu 1882, ilipobe mpaka lero. Azungu ena anatsatira, n'kumatenga malo aakulu posinthanitsa ndi nsalu, mikanda ndi mfuti. Dziko litalowa m'manja mwa Britain mu 1891, Harry Johnston anayamba kuwapatsa zikalata zaumwini zotchedwa Certificate of Claim. Apa mpomwe panagona nkhani, abale. Nthaka imene mfumu inkagawira aliyense wofuna kulima inasanduka katundu wa munthu mmodzi wa pepala m'manja, woti akhoza kuyitchinga n'kuyisiya osapangapo kanthu.

Pofika 1895 Blantyre inali tawuni yodziyendetsera yokha, koma olamula anali azungu. Amwenye anali ndi chigawo chawo cha masitolo. Nanga wakuda, amene ankaumba njerwa, kusenza katundu ndi kuphika m'nyumba za mabwana? Ameneyo ankagwira ntchito m'tawuni masana, madzulo n'kubwerera kumidzi ya kunja kwa malire. Ndirande inakula choncho.

Limbe inabadwa payokha, makilomita pafupifupi 8 kuchokera ku Blantyre. Njanji inafika mu 1908, kampani ya fodya ya Imperial Tobacco inamanga fakitale, ndipo mu 1909 Limbe inakhala tawuni. Pakati pa matawuni awiriwa panatsala mpata waukulu, wopanda nyumba zambiri, mpaka anaphatikizidwa mu 1956.

Tsono taonani zimene zinadzaza mpata umenewo. Chipatala cha Queen Elizabeth, chija timati ku Gulupu kapena ku Kwinzi, chinatsegulidwa mu 1958. Pa Chichiri pali bwalo lomwe lero ndi Kamuzu Stadium, pamene mbendera yathu inakwezedwa koyamba mu July 1964. Polytechnic, yomwe tsopano ndi MUBAS, inayamba mu 1965. Onjezanipo nyumba yosungira zinthu zakale, maofesi a khonsolo ku Civic Centre, khoti lalikulu ndi bwalo la Trade Fair. Zonsezi n'za tonse. Mayi wa ku Thyolo amagonekedwa ku Kwinzi, mwana wa ku Rumphi amaphunzira ku MUBAS. Ndiye kuti mzinda uno unakhalapo ndi nzeru yotenga malo ogona n'kuikapo zinthu zothandiza mtundu wonse.

Chimene chinaperewera ndi pogona pa munthu wamba. Bungwe la Malawi Housing Corporation, lomwe linayamba ntchito mu 1964, linkadula mapoloti m'madera monga Zingwangwa, Bangwe, Chilomoni ndi South Lunzu kuti munthu amange yekha malinga ndi thumba lake. Ganizo linali labwino, koma mapoloti sanakwane. Anthu anapitiriza kubwera kudzasaka maganyu, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 800,264 mumzindamu. Wosowa poloti anapita kwa mfumu kapena kwa wina aliyense wogulitsa kamalo, m'mbali mwa mtsinje, pamtsetse, mpaka m'phiri.

Pakati pa tawuni napo boma linayesa njira yake. Akuluakulu a m'gulu lino akukumbukira nyenyezi yofiira ya nthawi ya Kamuzu, imene inkapakidwa pa nyumba zakutha kuti mwini wake akonze kapena agwetse. Khonsolo inadzayidzutsanso m'zaka zapitazi. Koma nyenyeziyo imayankhula ndi mwini nyumba basi. Siyifunsa venda wa m'khonde, wakabaza kapena mayi wolawira ndi zigubu kuti, "Pamenepa pakagwa, pabwere chiyani?"

Mu March 2023 namondwe wa Freddy anatiwerengera mtengo wa mbiri yonseyi. Matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche usiku n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja. Paja madzi saiwala khwawa. Ambiri tinafunsa kuti, "Koma anakhaliranji kuphiri?" Funsolo ndi lopepuka kwa iwe amene uli ndi poloti. Iwo anapita kumene mzinda unawasiyira.

Ndiye titani? Malamulo alipo. La maboma ang'ono la mu 1998 linatipatsa makhansala, ndipo m'mawodi muli makomiti a chitukuko. La mapulani a malo linakonzedwanso mu 2016. Malo aboma operekedwa pa lizi amakhala ndi nthawi yoti mwini ayambe kumanga. Chikusowa ndi anthu ofunsa. Poloti ili pafupi ndi kwanu, ija mwaidutsa zaka khumi, ndi ya yani? Lizi yake ikuti chiyani? Pakufunika msika, nyumba za lendi yotsika, kapena bwalo loti ana azisewerapo mpira? Kambiranani ku mpingo, ku mzikiti, ku banki nkhonde, kenako mupite kwa khansala muli gulu, mutalemba papepala.

Kuyambira pa zikalata za Johnston mpaka pa nyenyezi yofiira, mapulani a mzinda uno akhala akulembedwa anthu ake ali panja. Inu a ku Mzuzu, Zomba ndi Lilongwe musaseke, nanunso muli nayo mipanda ya malata. Mawa mukamadutsapo, tasuzumirani kuseri kwake.

Tionana sabata yamawa.