Shuga, mafuta m'chiwindi ndi impso: mankhwala amene azakhali anga akumwa, ndi amene anawaletsa

Azakhali anga amakazinga mandasi ndi zitumbuwa pa msika wa Songani, ndipo akhala ndi matenda a shuga kwa zaka 8. Chaka chatha miyendo inayamba kutupa, masilipasi osalowanso, m'mawa nkhope ikumadzuka yofufuma. Kunyumba tinangoti n'chifukwa choima nthawi yayitali pamoto. Ena, mukudziwa kale, anayamba kunong'ona za ansanje a pamsika. Atakayezetsa zinapezeka zinthu ziwiri: impso zayamba kufooka, ndipo sikani inaonetsa mafuta m'chiwindi. "Mafuta m'chiwindi bwanji adokotala, ine mowa sindinaulaweko chibadwire?" anafunsa choncho.

Ine si dokotala ayi. Ndine uja wowaperekeza ku kiliniki, wosunga buku lawo la kuchipatala, wowawerengera mayina a mapiritsi poti maso anayamba kuwavuta. Ndalemba izi kuti anzanga amene mukusamala makolo a shuga mukhale ndi poyambira mukamafunsa mafunso kuchipatala. Za mlingo wa mankhwala asiyireni adokotala, osati gulu la pa WhatsApp.

Zitatuzi zimakumana pati?

Muzu wake nthawi zambiri ndi umodzi. Thupi likasiya kumvera insulin, shuga amachuluka m'magazi, ndipo chiwindi chimayamba kusunga mafuta, olo munthu asamwe dontho la mowa. Madokotala vutoli ankalitchula NAFLD, koma kuyambira 2023 akulitchula MASLD. Mukaona zilembo zimenezi m'buku, ndi zomwezo.

Impso iliyonse ili ndi tisefa pafupifupi 1 miliyoni. Shuga wokwera ndi BP yokwera zimaboola tisefati pang'onopang'ono, mpaka puloteni yoyenera kutsala m'magazi imayamba kutayikira mumkodzo. Ndi lija thovu losaphwa msanga. Choopsa chake, sizipweteka. Munthu atha kutaya theka la mphamvu ya impso akuyendabe bwinobwino, akukwera kabaza, akupita ku ukwati. Pamene miyendo ikutupa ndiye kuti zinayamba kalekale.

Si nkhani ya mabwana a ku Area 10 okha. Kafukufuku wa STEPS amene anachitika m'dziko muno mu 2009 anapeza kuti akuluakulu pafupifupi 6 pa 100 aliwonse anali ndi shuga, ndipo mmodzi mwa atatu anali ndi BP yokwera. Ambiri mwa iwo sankadziwa.

Koma kwathu kuno tisathamangire kunena kuti vuto lililonse la chiwindi kapena impso ndi shuga. Amene tinakula tikusamba mu Domasi, ndi amene amalima mpunga kumunsi cha ku Chilwa, likodzo timalidziwa, ndipo limatha kuwononga chiwindi ndi njira ya mkodzo. Palinso hepatitis B, palinso kachasu. Azakhali anawayeza hepatitis B ndi likodzo kaye asanamange mfundo.

Manambala awiri oti muziwafunsa

Loyamba ndi puloteni mumkodzo. Lachiwiri ndi creatinine wa m'magazi, amene amawerengera nambala yotchedwa eGFR. Nambalayi ikakhala pansi pa 60 kwa miyezi itatu, ndiye kuti ndi matenda a impso okhalitsa. Ikafika pansi pa 15, impso zatsala pang'ono kuleka ntchito. Ya azakhali inali 42. Zaka zonse zija ankangoyezedwa shuga wa pachala ndi BP basi, ndipo ife sitinkadziwa kuti pali china chofunsa. Munthu wa shuga amayenera kuyezedwa impso kamodzi pachaka. Poyambira ife a Songani ndi ku Domasi Rural Hospital kapena ku St Luke's ku Malosa, ndipo zikafuna akuluakulu ndi ku Zomba Central Hospital. Ngati pamene mwapitapo sayeza, funsani kuti mukayezetse kuti.

Enalapril ndi losartan

Ambiri timangowadziwa ngati mapiritsi a BP, koma kwa munthu wa shuga amene puloteni ikutayika, awa ndiye chishango choyamba cha impso. Amatsitsa mphamvu imene magazi amakankhira tisefa tija, nde kutayikako kumachepa. Ndi mankhwala akale, otchipa, ndipo enalapril ndi amene amaperekedwa kawirikawiri m'zipatala za boma.

Pali zoti mudziwe. Pakatha sabata imodzi kapena ziwiri chiyambireni, amafuna ayezenso creatinine ndi potassium. Creatinine akakwera pang'ono poyamba si chifukwa chosiyira, adokotala ndi amene amaona ngati wapitirira malire. Enalapril amatsokomoletsa anthu ena, chifuwa chouma chosamva mankhwala. Azakhali anakhosomola mwezi wathunthu, mpaka ena kuyamba kukamba za TB, kenako anawasinthira ku losartan chifuwa n'kutha. Awiriwa samwedwa pamodzi. Ndipo atsikana imvani apa: enalapril ndi losartan amavulaza mwana m'mimba. Ngati muli oyembekezera kapena mukufuna kutenga mimba, nenani msanga akusinthireni.

Tsiku lina tinapita pa chipatala china n'kupeza mankhwalawa atha. Azakhali anati tingodikira mwezi wa mawa. Ndinakana, tinakagula ku famase ndi ndalama ya mafuta okazingira. Kudumphadumpha mapiritsi a BP ndi kumene kumadya impso mwakachetechete.

Metformin ndi glibenclamide

Metformin saononga impso, zimenezo ndi mphekesera chabe. Nkhani ndi yakuti amatuluka m'thupi kudzera mu impso, nde impso zikafooka amaunjikana. N'chifukwa chake eGFR ikatsika pansi pa 45 amachepetsa mlingo, ikatsika pansi pa 30 amasiyitsa. Azakhali anawadulira pakati. Kwa amene ali ndi mafuta m'chiwindi metformin alibe vuto, ngakhale kuti sachotsa mafutawo.

Glibenclamide ndiye anawaletsa. Impso zikafooka, kapiritsi kameneka kamakhalitsa m'magazi ndipo kamagwetsa shuga mopitirira: thukuta, kunjenjemera, kulankhula zosokonekera, ena mpaka kukomoka. Zinawachitikirapo kawiri pamsika, anzawo n'kumati ndi chizungulire cha utsi. Insulin nayenso amakhalitsa, moti odwala ena amachita kumutsitsa impso zikamafooka. Nde mukaona kholo lanu shuga "wachira yekha" mwadzidzidzi, musathamangire kukapereka umboni. Kayezetseni impso.

Empagliflozin ndi dapagliflozin

Awa ndi amene asintha nkhani ya impso padziko lonse m'zaka zaposachedwapa. Gulu lake amalitchula SGLT2 inhibitors. Amachititsa impso kutaya shuga ndi mchere wina mumkodzo, ndipo potero amapeputsa katundu pa tisefa. Kafukufuku wa DAPA-CKD wa mu 2020 anapeza kuti dapagliflozin anachepetsa ndi 39 peresenti chiopsezo choti impso ziipireipire, zileke ntchito, kapena munthu amwalire ndi impso kapena mtima. Wa EMPA-KIDNEY wa mu 2022 anapezanso phindu lalikulu pa empagliflozin. Mu 2021 bungwe la WHO linawaika pa mndandanda wake wa mankhwala ofunikira. Amathandizanso mtima, amatsitsako thupi, ndipo mafuta a m'chiwindi amachepako.

Piritsi limodzi patsiku, pamwamba pa losartan uja, osati m'malo mwake. Ife timachita kugula, ndipo kunena zoona zimapweteka m'thumba. Tinakhala pansi ndi asuweni anga atatu n'kugawana miyezi. Mwa maganizo anga, ngati banja lingakwanitse chinthu chimodzi chokha chodula pa nkhani yonseyi, funsani adokotala za awa musanaganize za tiyi wa "detox".

Mavuto ake alipo. Poti mkodzo umakhala ndi shuga, ena amayabwa kumaliseche, amayi ndi abambo omwe. Zimachizika, musachite manyazi kunena. Munthu amakodza pafupipafupi, nde madzi asamasowe. Mkodzo ukayezedwa uonetsa shuga wambiri, ndi ntchito ya mankhwalawo, osadabwa. Koma akayamba kusanza, kupweteka m'mimba ndi kupuma mothamanga, olo shuga wa pachala akuoneka bwino, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo.

Semaglutide, uja wa pa TikTok

Mwamuona pa TikTok ngati jakisoni wochepetsa thupi, dzina lake la malonda Ozempic. Zoona zake ndi mankhwala enieni a shuga, obaya kamodzi pasabata, ndipo amagwira zitatu zonsezi. Kafukufuku wa FLOW wa mu 2024, pa anthu a shuga odwala impso oposa 3,500, anapeza kuti anachepetsa mavuto aakulu a impso ndi 24 peresenti. Mu 2025 dziko la America linamuvomereza pa matenda a impso a anthu a shuga, komanso, pa dzina la Wegovy, pa mafuta a m'chiwindi amene afika poyambitsa zipsera. Koma mtengo wake si wa munthu wa mandasi, amafuna firiji, ndipo amachititsa nseru poyamba. Chinanso, mu 2024 WHO inachenjeza za Ozempic wachinyengo amene anapezeka ku Brazil, ku UK ndi ku America. Ngati wachinyengo anafika kumeneko, nanga wa munthu wa mu inbox amene akuti "katundu wangofika kuchokera ku Joni"? Mankhwala gulani ku famase yovomerezeka ndi PMRA, ndi chikalata cha dokotala.

Palinso finerenone wa impso, ndi resmetirom amene anavomerezedwa ku America mu 2024 ngati mankhwala oyamba a chiwindi cha mafuta. Ndangowatchula kuti mukawamva musadabwe. Amene azakhali akumwa pa nkhani ya mafuta ndi atorvastatin. Sachotsa mafuta m'chiwindi, amateteza mtima ndi sitiroko, zomwe zimapha anthu ambiri a impso asanafike n'komwe pa dialysis. Chiwindi cha mafuta si chifukwa chomukanira. Chochotsa mafuta m'chiwindi chenicheni ndi kutsitsa thupi ndi 7 mpaka 10 peresenti, ndi kusiya zakumwa zotsekemera. Kwa munthu wokazinga mandasi tsiku lonse, amene amalawa kamodzi pa chiwaya chilichonse, imeneyi ndiye inali nkhondo.

Amene anawaletsa

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. Msana ukawapweteka, azakhali ankatuma mwana kukagula indocid pa kaokala. Tsiku lina brufen, tsiku lina diclofenac, zaka ndi zaka. Adokotala atamva anagwira kukamwa. "Mayi, mapiritsi amenewa ndi amene akuthandiza shuga kumaliza impso zanu. Kuyambira lero, panado yekha." Mapiritsi a gulu limeneli amachepetsa magazi opita ku impso, ndipo akakumana ndi enalapril kapena losartan kuphatikizapo mapiritsi okodzetsa, impso zitha kuima m'masiku ochepa. Panado nayenso ali ndi malire chifukwa cha chiwindi, osangomwa ngati mtedza.

Za mabotolo a zitsamba "otsuka impso ndi chiwindi" amene amalengezedwa pa sipika tsiku la msika, sindikufuna kukangana ndi munthu. Ndingoti palibe amene akudziwa mlingo wa zomwe zili m'botolomo, ndipo chilichonse chimene mwamwa chimadutsa m'chiwindi ndi mu impso zomwe zikudwalazo. Ngati kholo lanu likumwa, auzeni adokotala, sakumenyani.

Kwa amene ali pa ma ARV: mankhwala a TLD amene ambiri akumwa ali ndi tenofovir, amene amafuna impso ziziyang'aniridwa, ndi dolutegravir, amene amakweza mlingo wa metformin m'magazi. Osasiya ma ARV panokha, ngakhale tsiku limodzi. Chofunika n'chakuti a ku ART adziwe za shuga ndi impso, a ku kiliniki ya shuga adziwenso za ma ARV. Tengani mabuku onse awiri.

Masiku otsegula m'mimba ndi mwezi wa Ramadhani

Munthu akamatsegula m'mimba kapena kusanza mpaka osatha kumwa madzi, metformin, enalapril, losartan ndi empagliflozin amasanduka owopsa ku impso. Nthawi zambiri amaimitsidwa kaye mpaka munthu ayambenso kudya ndi kumwa. Funsani adokotala akulembereni m'buku choti muchite tsiku ngati limenelo lisanafike, makamaka dzinja likamayandikira. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 ndi 2023.

Azakhali amasala m'mwezi wa Ramadhani chiyambire utsikana wawo, monga anthu ambiri kuno. Adokotala anawauza kuti ndi impso zotere, kukhala tsiku lonse osamwa madzi n'koopsa. Zinawawawa kwambiri. Anakafunsa ashehe, amene anawakumbutsa kuti wodwala ndi wololedwa kusasala ndipo pali njira ina yolipirira. Amene shuga wawo ndi wodekha ndipo akufuna kusala, akaonane ndi achipatala mwezi usanayambe kuti awakonzere nthawi yomwera mapiritsi.

Chimene tikuthawa

Impso zikaleka ntchito chotsala ndi makina osefa magazi, dialysis, kawiri kapena katatu pasabata, maola anayi nthawi iliyonse. Kwa ife a chigawo chino ndi ku Queens ku Blantyre, ndipo ofuna makinawo ndi ambiri. Werengerani nokha minibasi ya Songani mpaka Zomba, Zomba mpaka Limbe, Limbe mpaka Ginnery Corner, anthu awiri, kupita ndi kubwera, sabata iliyonse osalekeza. Impso zomwe zawonongeka sizibwerera, mankhwala onse ndatchulawa ntchito yake ndi kuchedwetsa tsiku limenelo, mwina mpaka lisafike.

Pano azakhali akumwa losartan, metformin wochepa, empagliflozin ndi atorvastatin. Mchere wa m'ndiwo tinautsitsa, WHO imati usapitirire magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuwerengera ndi wa mu usipa wouma ndi tima cube. Poyeza komaliza eGFR inali 41, puloteni mumkodzo yachepa, masilipasi akulowa. Tibwereranso pakatha miyezi itatu, ndipo pa tsamba lomaliza la buku lawo ndalembapo kale funso lotsatira: maso awo ayezedwa liti.