Luigi Broglio ndi Nsanja za pa Nyanja ku Malindi

Ana inu, lero tikamba za msilikali amene anachuka ndi masamu, osati ndi mfuti ai. Dzina lace ndi Luigi Broglio. Anabadwira ku Mestre m'dziko la Italy m'caka ca 1911. Ataphunzira uinjiniya ku Rome, analowa m'gulu la nkhondo la ndege, momwe anakwera kufikira pa udindo wa jenerale, uku akuphunzitsanso pa yunivesiti.

Broglio anafunitsitsa kuti dziko lace liponye setilaiti, ndiko kuti makina ozungulira dziko lapansi m'mlengalenga. A ku America anabvomera kupereka maroketi ochedwa Scout, ndipo pa 15 December 1964 anthu ace anaponya setilaiti ya San Marco 1 kucokera ku Wallops Island, ku America komweko. Koma pabwalo pa eni mlendo sabvina momasuka. Iye anafuna malo aceace.

Anasankha nyanja ya pafupi ndi Malindi, ku Kenya. Cifukwa ninji? Dziko lapansi limazungulira kulowera kum'mawa, ndipo pa mzere wa Ikweta liwiro lace limafika makilomita 1,670 pa ola. Roketi yonyamukira pamenepo kuloza kum'mawa imalandira mphamvu imeneyi mwaulere. Ndiponso zidutswa zace zimagwera m'madzi, kutali ndi midzi ya anthu.

Tsono anaimika nsanja ziwiri zacitsulo m'nyanjamo: San Marco yoponyerapo maroketi, ndi Santa Rita yowongolerapo nchito yonse. Yaciwiriyi inali nsanja yakale yokumbira mafuta. Setilaiti yoyamba inanyamuka pamenepo pa 26 April 1967.

Tsiku lopambana linali 12 December 1970, pamene Kenya inakwanitsa zaka 7 za ufulu. Patsikulo anaponya setilaiti ya a ku America imene anaicha Uhuru, liwu la Ciswahili lotanthauza ufulu. Uhuru inapeza malo oposa 300 kuthambo otulutsa ceza ca X-ray, conga cija cimene adokotala amaunikira naco mafupa.

Roketi yotsiriza inanyamuka mu 1988, ndipo Broglio anamwalira mu 2001. Malowo tsopano amachedwa ndi dzina lace, ndipo nchito yace ndi kulondola masetilaiti ali m'mwamba.

Aphunzitsi, thandizani ana kupeza Malindi ndi mzere wa Ikweta pa mapu. Kenaka zungulizani mpira pa cala, ana anene okha: ndi mbali iti ya mpirawo imene ithamanga koposa?